Nsalu Pamphuno pa Galimoto

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka cha chilala chija, nthawi yomwe mawu oti matipate ankatchulidwa monong'ona. Tinkakhala ku Chisenga, kumene bambo anga, ochokera ku Dedza, anatumizidwa kukaphunzitsa. Sabata imeneyo iwo anali ku boma ku Chitipa pa za ntchito, ndipo matenda a uchembere anawayamba amayi ndili nawo ndekha.

A Nakamba, azamba a m'deralo, analimbana nawo kuyambira m'mawa. Dzuwa lili paliwombo anatuluka m'nyumba akupukuta manja, nati mwana wagona mopingasa, pafunika mpeni wa ku chipatala cha ku boma.

Galimoto inalipo imodzi yokha, pikapu ya dizilo yokoka ndi mawilo onse anayi, ya mwini golosale wina. Dzulo lake inali itabwerekedwa ku msonkhano wa chipani, ndipo anaimanga nsalu ya chipani kutsogolo, kuphimba mphuno yonse kusiya magetsi okha, nkhope ya mtsogoleri ili pakati penipeni. A tcheyamani a nthambi, omwe anamangitsa nsaluyo, nawo anali ndi ulendo wa ku boma, choncho anakwera kutsogolo. Amayi anawagoneka kumbuyo pamatiresi. Ine a Nakamba anandikankhira kutsogolo, pakati pa amuna awiriwo, ati zakumbuyoko si zoona mwana.

Dalaivala anali a Simwaka, bambo wamfupi wosalankhulalankhula. Asanakwere anaima kutsogolo kwa galimoto n'kuiyang'ana nsalu ija. Anakweza dzanja, kenaka anangodzikanda nalo m'mutu.

Pa mtunda woyamba waukulu anaika giya yaing'ono, injini ikubangula, galimoto ikukwawa pa miyala. Ndinaona maso awo akubwererabwerera pa kawotchi koonetsa kutentha kwa injini. Kamuvi kake kankasendera kofiira pang'onopang'ono. Kenaka kunamveka fungo ngati la mphika wopserera, nthunzi n'kutulukira m'mbali mwa boneti.

Tinaima. A tcheyamani anathamangira kukatsegula chivindikiro cha rediyeta, koma a Simwaka anawagwira mkono.

“Yayi adada, mupsa nkhope. Madzi ali mkatimu ndi moto. Tidikire.”

Tinadikira. Kumbuyo amayi ankabuula motsitsa, ngati munthu wosafuna kusowetsa anzake mtendere. A Simwaka anakanikiza lamba wa fani ndi chala, anali wolimba. Anafinya mapaipi, anasuzumira pansi, panalibe pomwe pankadontha. Anasolola kachitsulo koonera oyilo, oyilo anali wakuda bwinobwino, wosasakanikirana ndi madzi. Chilichonse chomwe ankagwira ankachitchula mokweza, n'kunena kuti chili bwino.

“Ndi dizilo wanu wa ku Tanzania uyu,” anatero a tcheyamani. “Mumagula wa m'zigubu.”

“Mwina ndi zimenezo, adada.”

Injini itazizirako anatsegula chivindikiro atachikulunga m'chiguduli, analiza galimoto, n'kumathira madzi a m'chigubu pang'onopang'ono. Anandiuza kuti ukathira madzi ozizira mothamanga mu injini yotentha, mutu wake umang'aluka. Ndinawafunsa kuti madziwo amazizira bwanji mkatimo. Anati mphepo imalowa kutsogolo, imadutsa mu rediyeta, ndiyo imachotsa kutenthako. Atatero anaiponyera diso nsalu ija, n'kutseka boneti msanga.

Tinanyamukanso, a Simwaka atatsegula hita kuti ikokeko kutentha kwa injini. Tangoganizani, mwezi wa Okutobala, hita ikuwuzira m'miyendo. Thukuta linkandilowa m'maso. Sizinathandize kwenikweni. Pa mtunda wotsatira galimoto inawiranso, ndipo m'chigubu munali mutatsala madzi osadzaza n'kapu. Kamtsinje ka pansi pa mtundawo kanali mchenga wokhawokha. Amayi anali atasiya kubuula, ndipo chete ameneyo anandiopsa kuposa kubuulako.

Ndipamene ndinafunsa, mokweza monga afunsira mwana: “Nanga mphepoyo ilowera pati, poti mwafunditsa nsalu?”

A tcheyamani anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Kodi uyu si mwana wa aphunzitsi a ku Dedza aja? Zimenezi amakuphunzitsani kunyumba?”

“Ndi mwana, adada, sadziwa kanthu,” anatero a Simwaka, maso ali pansi.

Ndinkadziwa, monga ankadziwira mwana aliyense masiku amenewo, kuti munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha zochepa kuposa kukhudza nkhope ija. Ndinali nditawaika bambo anga pamoto.

A Nakamba anali atamva zonse. Anatsika ndi ndowa ya madzi omwe anasungira amayi, n'kuiika pamapazi a a Simwaka. Kenaka anatembenukira kwa a tcheyamani, manja awo ali ofiira mpaka m'zigongono.

“Adada, nsalu zomwe ndinatenga zanyowa zonse. Amama awa ali pambalambanda. Mukufuna tilowe m'boma ali choncho, anthu aziloza kuti onani galimoto ya chipani? Ndipatseni nsalu iyo ndiwafunditse.”

“Imeneyo si nsalu wamba, amama.”

“Ndiye bwerani mudzaone nokha. Bwerani!”

A tcheyamani anabwerera m'mbuyo, nkhope atatembenuzira kutchire. Mwamuna sayang'ana za kuchikuta, ngakhale akhale tcheyamani. Anatsokomola, nati chipani chimalemekeza amayi, nsaluyo itengedwe, koma nkhope iyang'ane kumwamba.

“Masula, mwana iwe,” anatero a Nakamba.

Mfundo zake zinali zotentha, ndipo zina ndinamasula ndi mano. Kuseri kwa nsaluyo kunali fumbi ndi timaudzu tomatirira pa rediyeta. A Simwaka anatichotsa ndi kanthambi mofulumira, ngati munthu amene manja ake akhala akuyabwa kwa nthawi yaitali. Anathira madzi a m'ndowa aja, tinanyamuka. Ndikufuna izi zimveke bwino: kutsogoloko kunali mitunda ina, dizilo anali yemwe uja, dzuwa lomwe lija, koma kamuvi kanakhala pakati mpaka pachipata cha chipatala. Nditasuzumira kumbuyo ndinaona kuti a Nakamba anali ndi nsalu ina youma, ataikhalira.

Tinafika dzuwa litapendeka. Amayi anapulumuka. Mwanayo, wamwamuna, anamutulutsa atazizira kale.

Ine ndimasunga pepala lililonse, ndipo khadi la amayi la tsiku limenelo ndili nalo. Analembapo kuti wodwala anafika mochedwa. Ndi zoona, koma mawuwo amamveka ngati amayi ndiwo anazengereza, ndipo amandipweteka mpaka lero. Sindinganene motsimikiza kuti mlongo wanga akanakhala moyo tikanapanda kuima kawiri konse panjira. Madokotala sanatero, ine sindiwonjezera. Chimene ndikudziwa n'choti a Simwaka anaona vutolo tisananyamuke pakhomo.

Kwa zaka zambiri ndinkawakwiyira bambo amenewo. Tsopano mkwiyo ulipobe, koma suli pa iwo: anali ndi ana, ndipo mantha aja sanawapange okha. Chondikwiyitsa n'choti mchitidwewo sunathe pamodzi ndi chipani chimodzi. Nsalu zinangochuluka mitundu. Nthawi ya kampeni ndimaonabe magalimoto akukwera mitunda yomwe ija ataphimbidwa mphuno, ndipo ndikakhala pafupi ndimamuuza dalaivala, kaya nsaluyo ndi ya yani. M'misonkhano namonso ndaphunzira kumvetsera anthu akamatchula zifukwa zambirimbiri mokweza, ngati a Simwaka ndi lamba wawo ndi mapaipi. Nthawi zambiri chifukwa chenicheni chimakhala chomwe aliyense akuchiona koma sakuchitchula. Pamenepo ndimaimirira n'kuchitchula, ngakhale anene kuti mayi uyu ndi wovuta, chifukwa akuluakulu akamazungulira choncho, kumbuyo kumakhala kuli wina amene wasiya kubuula.