Masamba pa Njira ya ku Dambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ana a pulayimale atachuluka chifukwa cha maphunziro aulere, ndipo sukulu zoyendera zinkapezeka m'madera ambiri. Yathu inali kutsidya kwa dambo lalikulu limene madzi ake amakathira mu Bua. Kuchokera kwathu kwa Zulu, woyenda pansi ankafika anzake atalowa kale m'kalasi. Panafunika njinga.

Njinga pakhomo pathu inali imodzi, ya bambo. Inali yakuda, yachimuna, ya keliyala yowotcherera pa boma. Inkanyamula feteleza, fodya, chimanga cha kuchigayo ndiponso odwala. Kundipatsa ine kunatanthauza kuti bambo aziyenda pansi masiku onse a sukulu.

"Mtsikana pa dambo lija, dzinja lino? Akangondimizira njinga m'matope," anatero bambo.

"Muyeseni kaye, alamu," anayankha malume anga a Fabiano.

Malume anali mphunzitsi wa pulayimale pa boma, ndipo ankadziwika ndi khalidwe limene anthu sankalimvetsa. Sukulu ikatsekera ankakwera njinga n'kumazungulira midzi, madimba ndi madambo mpaka kumalire a Zambia, opanda chogulitsa, opanda wokamuona. Anzawo ankawaseka kuti amangotha matayala. Iwo ankati akuona dziko.

Bambo anaika mfundo imodzi. Loweruka ndipalase mpaka pageti pa sukulu, malume ali mboni, ndipo ndibwereko dzuwa lisanapendeke. Ndikachedwa, ndiyembekeze chaka chinacho, mwina kudzapezeka malo ogona kwa abale pafupi ndi sukulu. Atsikana amene anayembekeza chaka m'mudzi mwathu ndinkawadziwa. Onse anali ndi ana kumsana.

Tinanyamuka mame asanakamuke. Njira inkayamba bwino, ya dothi lofiira, yodutsa pakati pa minda ya chimanga chofika m'chiuno ndi mtedza wamaluwa achikasu. Malume ankabwera pambuyo, akundiuza zinthu mofupikitsa ngati akulemba pa bolodi: pamchenga usagwire buleki, potsetsereka gwira yakumbuyo, galu usamuyang'ane. Tinadutsa mudzi womaliza wa tsidya lathu, umene njira imapyola pakati pa nyumba, kenaka dothi linasanduka lakuda.

Dambo m'dzinja lili ndi fungo lake, la udzu woola ndi ndowe za ng'ombe. Akakowa anali mbuu. Kanjira kankakhota m'mbali mwa madimba a nzimbe n'kulowa m'mabango otalika kuposa munthu. Matope a makande anadzaza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu linakana kuzungulira. Malume anathyola kamtengo n'kundipatsa.

"Kameneka uziyenda nako. Ndi sipanala ya pa dambo."

Pakati penipeni panali ulalo wa mitengo ya bulugamu yoterera. Pamenepo njinga siinyamula munthu, munthu ndiye amainyamula. Ndinaikoleka paphewa, ndinawoloka, ndipo kutsidya ndinachotsa msundu pa katumba. Tinafika pageti, ndinaligwira ndi dzanja kuti malume aone, n'kutembenuka. Titawolokanso dambo, mthunzi wanga unali udakali wautali ndithu. Mumtima ndinali nditayamba kale kusita yunifomu.

Polowa m'mudzi uja wa m'mphepete mwa dambo tinapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa chopingasa njira. M'mawa panalibe. Aliyense wokulira kwathu amadziwa tanthauzo lake: pali maliro, wa galimoto achepetse liwiro, wa njinga atsike, wa chipewa avule. Tinatsika. Kulira kwa amayi kunkamveka kuchokera m'nyumba ina ya udzu.

Tikukankha njinga, bambo wina wachikulire anadzuka pa gulu la amuna n'kutiyandikira akuwomba m'manja mwaulemu.

"Pepani aphunzitsi, takuimitsani. Achemwali anga atisiya m'mawa uno. Mwana wawo wamkazi, Nambewe, anakwatiwa kutsidyako ndipo sanamve. Anyamata apita kokacheka matabwa a bokosi, njinga ya pamudzi pano ilibe tcheni."

Mafoni a m'manja anali asanafike kumidzi. Uthenga wa maliro unkayenda ndi miyendo kapena ndi njinga.

Malume anandiyang'ana. "Esinati, ine ndikubwerera. Iwe njira ya kwanu ukuidziwa, dzuwa likadalipo. Ndikawauza alamu kuti pageti unafika."

"Ali ndi kamwana koyenda kale," anawonjezera mkulu uja, osayang'ana ine. "Kaya mukakwana onse pa njinga imodzi."

Ndinayang'ana mthunzi wanga, ndinayang'ana nyumba ija. Sindinganame kuti ndinaganiza zakuya. Ndinangoona kuti keliyala ya malume ndi imodzi, anthu okatengedwa ndi awiri. Ndinatembenuza njinga.

M'njira malume anandilangiza. Uthenga wotere supita kwa mwini wake mwachindunji. Umauza akuluakulu a pakhomo, ndipo mwana wa malemu amangouzidwa kuti kwawo matenda akula, kuopa kuti angakomoke panjira. "Akakufunsa, unene zimene unaona ndi maso ako basi. M'nyumba muja unalowamo?"

"Ayi."

"Ndiye yankho lako ndi lomwelo."

Zinayenda monga ananenera. Malume anavula chipewa, anakhala pansi, anapatsidwa moni, kenaka anapita kuseri kwa nkhokwe ndi apongozi ake a Nambewe. Amuna ake a Nambewe anali kumsika wa kumalire. Nambewe, mayi wamng'ono wa maso akuluakulu, anamanga mpango mofulumira n'kukwera kwa malume. Ine anandipatsa mwana wake Yosefe, kamnyamata ka zaka ngati zinayi. Tinakamangirira kwa ine ndi chitenje, mapazi ake titawakulunga kuti asalowe m'masipoko.

Pa ulalo tinatsika tonse. Malume atatsogola ndi njinga yawo, Nambewe anandigwira mkono.

"Iwe mtsikana, undiuze zoona. Amayi akulankhula?"

"Sindinalowe m'nyumba, mayi."

Anandiyang'anitsitsa, kenaka anabereka mwana wake n'kuwoloka. Sanafunsenso. Yosefe yekha ndiye analankhula njira yonse, akuloza ng'ombe ndi kundilamula kuti ndilize belu.

Titatuluka m'mabango, Nambewe anaona nthambi zija pa njira. Anatsika njinga isanaime, anaponya mpango pansi, ndipo kulira kwake kunayankhidwa ndi mudzi wonse. Amayi awiri anathamanga kudzamugwira. Wina anamasula Yosefe kumsana kwanga n'kundipatsa madzi m'chikho. Tinakhala pansi pang'ono, malume kwa amuna, ine kwa amayi, chifukwa pa maliro munthu sungotula katundu n'kutembenuka.

Tinafika kwathu nkhuku zitayamba kuyandikira khola. Bambo anali m'chigafa, akusoka fodya woyamba. Sanadzutse mutu.

"Dzuwa lija linapendeka kalekale."

"Linapendeka, alamu," anavomera malume, ndipo anafotokoza zonse mwadongosolo, osawonjezera kanthu. Ananenanso kuti iwo anandipatsa mwayi wobwerera ndekha.

Bambo anaika singano pansi n'kupita pa njinga. Anainyamula kutsogolo, anazungulitsa gudumu, anamvetsera. Anachita chimodzimodzi kumbuyo. Anagwedeza keliyala.

"Pa ulalo anakunyamulira ndani?"

"Ndekha, bambo."

"Ndi mwana wa eni ake simunagwe?"

"Sitinagwe."

Anachotsa matope pa chishalo ndi chala. Kenaka anaitana amayi.

"Naphiri, kudamboku kuli zovuta, mawa akuika. Ine fodyayu sindingamusiye. Mukatiimirire. Akutengani Esinati."

"Ine? Pa keliyala ya mwana ameneyu?" anadabwa amayi. "Mukufuna maliro akhale awiri?"

"Wanyamula mdzukulu wa eni, akalephera mayi ake? Ufa wa chipepeso muufukate, musaumangire kutsogolo."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pampu. Pampu imeneyo inkakhala pansi pa bedi lawo, ndipo wobwereka ankapopera pomwepo iwo akuona. Anandipatsa m'manja.

"Tayala lakumbuyo limaphwa pang'onopang'ono. Uzilipopa m'mawa uliwonse usanapite kusukulu."

Nkhani ya dzuwa sanaitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Zaka zonse za sekondale bambo anayenda pansi, thumba la chimanga lili paphewa popita kuchigayo, ndipo anzawo ankawafunsa ngati njinga anagulitsa.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti anangondikhululukira. Ndazindikira mochedwa kuti iwo ankaopa china chimene sanathe kuchitchula, n'chifukwa chake anachiyeza ndi dzuwa. Njinga ija sinali ya banja lathu lokha. M'mudzi mopanda foni ndi galimoto, inali mthenga, inalinso ambulansi, ndipo kuipereka kwa mwana wa sukulu kunali ngati kuichotsa pa ntchito imeneyo. Madzulo aja anaona kuti ntchitoyo ipitirira.

Inapitiriradi. Ndili Fomu 2 ndinachedwa mayeso a masamu chifukwa ndinatenga mayi wina wodwala kupita naye kumsewu wa tala. Aphunzitsi anandikalipira pamaso pa kalasi yonse. Nditawauza bambo madzulo ake, anangofunsa funso limodzi: "Anafika bwino?"