Kanyimbo Kotsimphina

Ndikukumbukira tsiku limene ndinaima pansi pa mlambe wa pamsika kwathu ku Midzemba, gitala ili pachifuwa, n'kulengeza kuti kuyambira ku Chifunga mpaka ku Luwani kunalibe mwendo umene ukanakana kuvina ine nditagwira nsambo. Ndinali mu Sitandade 6, kabudula wazigamba kumbuyo, koma pakamwa ndinali wamkulu kale. Mpaka lero anzanga ogulitsa nawo malonda amati ndikayamba kunenerera mtengo, ngakhale mbuzi yogulitsidwayo imayamba kuwodzera. Matendawa sanayambe dzulo.

Gitalayo ndinapanga ndekha. Mimba yake inali chigubu cha oyilo wa galimoto, ndipo dzuwa likachiwomba chinkanunkha ngati garaja. Khosi lake linali thabwa limene ndinazula pachitseko cha khola la mbuzi, mlandu umene bambo anamwalira akuyesabe kuti unali wa fisi. Nsambo zinali mawaya a mabuleki a njinga. Ndinazipeza kwa mkulu wina wokonza njinga, amene ndinamuumirira mpaka anatopa nane n'kundipatsa posinthana ndi malambe komanso mbewa zowamba. Panalibe chinthu china padziko chimene ndikanachitcha changa. Ndinkagona nayo pamphasa.

Masiku amenewo pachipata cha msika ankafunsa khadi la chipani, choncho ife ana tinkalowera kumpanda wa ogulitsa mbuzi. Kumeneko ndi kumene kunali Fanuwelo pamene ndinkadzitama. Anali mnzanga wa m'kalasi, wosayankhulayankhula, mwini banjo ya chikopa cha mbuzi. Nyumba youlutsira mawu inali imodzi yokha m'dziko lonse, ndipo nyimbo iliyonse imene inkamveka pa wayilesi, Fanuwelo ankangoimva kawiri basi, mawa lake ili m'zala.

"Wati mwendo uliwonse, eti?" anandifunsa.

"Ngakhale wa tebulo."

"Chabwino. Loweruka pa ukwati wa msuweni wako uja, aliyense aimbe nyimbo imodzi. Wovinitsa anthu ambiri atenge choimbira cha mnzake."

Munthu wanzeru akanapempha kuti akaganize kaye. Ine ndinawonjezera ndekha katundu pamutu: ndinati iye aimbe za pa wayilesi zakezo, ine ndidzaimba yopeka ndekha. Tinagwirana chanza ogulitsa mbuzi akuonerera.

Ndinali nako kanyimbo kanga, kachidutswa kakafupi kongobwerezabwereza, kamene kankandibwerera m'mutu m'mawa uliwonse popita kumunda wa thonje. Kanali kokoma moti ndinkadzisirira. Madzulo a tsikulo ndinakhala kuseri kwa nkhokwe n'kuitana achemwali anga a Esinati kuti azindiwombera m'manja. Anayamba monga mmene aliyense amawombera, kanayikanayi. Tinanyamuka limodzi bwinobwino, koma posakhalitsa iwo anali kwawo, ine kwanga. Patsogolo tinakumananso ngati anthu osiyana njira amene apezana pachitsime, kenako n'kutayananso.

"Nyimbo yakoyi ili ndi chala chachisanu ndi chimodzi," anatero achemwali.

Ndinakana, ndinati manja awo ndiwo aulesi. Pofuna kuthetsa mkangano, tinatapa nthanga za thonje. Iwo akawomba, nthanga imodzi pansi. Ine chala chikagunda nsambo, nthanga imodzi pansi. Mulu wawo unkatuluka wa nthanga zinayi nthawi zonse. Wanga unkatuluka wa zisanu: ziwiri zofulumira, kenako zitatu zokoka. Ti-ki, ti-ki-ti. Ti-ki, ti-ki-ti. Titandanda nthangazo m'mizere iwiri pafumbi, tinaona chifukwa chake tinkakumana n'kutayana. Iwo akazungulira kasanu, ine kanayi, mizere yathu inkathera pamodzi. Tinaziyang'ana nthangazo nthawi yaitali, nkhuku zikutizungulira poyesa kuti ndi chimanga.

Ndinayamba kunenerera ndi nyimbo yanga yomwe. Ndinachotsa nthanga imodzi kuti zikhale zinayi, koma kanyimboko kanasukuluka ngati ndiwo zopanda mchere. Ndinawonjezera imodzi pa zisanu zija kuti zikhale zisanu ndi imodzi, kanasanduka nyimbo ya kwaya ya pamaliro. Ndakumana ndi ogulitsa ouma mtima pamoyo wanga, koma palibe amene anakakamira mtengo wake ngati kanyimbo kameneka. Kanati zisanu, kapena ndisiye.

Tili pomwepo, amalume a Witinesi anadutsa kuchokera kudimba, khasu paphewa. Iwowa anabwerako ku migodi ya ku Joni mwendo wamanzere utafupika, chimwala chitawagwera, ndipo ankayenda chotsimphina: phazi lina lofulumira, linalo lokoka. Achemwali anayang'ana amalume, anayang'ana zala zanga, kenako anagwira pakamwa.

"Iwe, nyimboyi si yako. Ndi mwendo wa amalume."

Zinali zoona. M'mawa uliwonse ndinkayenda pambuyo pawo popita kumunda, maso ali pa zidendene zawo, ndipo mayendedwe awo analowa m'mutu mwanga osagogoda. Achemwali anandichenjeza kuti amalume akaimva adzati ndikuwanyogodola pagulu. Anandiuza kuti asanapite ku Joni anali katswiri wovina, koma chibwerereni ankangokhala pampando m'maukwati, kulondera mtsuko wa thobwa. Ndinachita mantha, koma nyimbo ina ndinalibe, ndipo ogulitsa mbuzi anali atafalitsa kale nkhani ya mpikisano.

Loweruka linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Titachoka kutchalitchi, pabwalo panali fungo la nyama ya mbuzi ndi utsi wa nkhuni za tsanya, amayi atavala zitenje zatsopano zolira poyenda. Fanuwelo anayamba. Atangogunda banjo, bwalo linadzaza. Anavina ana, anavina azakhali, ngakhale mkulu wa mpingo ankagwedeza bondo pansi pa Baibulo. Fumbi linakwera mpaka mkwatibwi anaphimba nkhope. Ine ndinkangowerenga mitu.

Itafika nthawi yanga, anthu analowa m'bwalo ndi chimwemwe chomwe chija. Anaponya phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi, koma pobwerera anapeza nyimbo isanafike. Ena anaidikira, inawapitirira. Bambo wina anaponda chitenje cha mkazi wake. Mayi wina wonenepa anaima pakati pa bwalo, manja m'chiuno, n'kufunsa mnzake, "Kodi wasokonezeka ndani, ine kapena mwanayu?" Mmodzimmodzi anabwerera kumithunzi akuseka, mpaka m'bwalo munatsala galu yekha.

Sindinaleke. Wamalonda salongedza katundu wogula akadayang'ana. Thukuta linkalowa m'maso, waya ukudula chala, ine ti-ki, ti-ki-ti basi. Ndiye ndinaona amalume akuika chikho cha thobwa pansi. Anadzuka ndi ndodo yawo n'kulunjika kwa ine. Ndinayang'ana kumene ndingathawire. Atafika pakati pa bwalo anaima, anapendeketsa mutu ngati munthu amene wamva dzina lake likutchulidwa kutali. Kenako anaigoneka ndodo ija pansi.

Phazi lofulumira linagwa pa nthanga ziwiri zija, lokoka linatenga zitatuzo, ndipo palibe chinatsala. Anayamba pang'onopang'ono, mapewa akuyesa kaye, kenako chiuno chinakumbukira ntchito yake. Anazungulira, anatsika mpaka pansi, anakweranso, jekete likuuluka kumbuyo. Kutsimphina kuja sikunaonekenso, chifukwa nyimbo yonse inkatsimphina nawo limodzi, ndipo pabwalo lonse iwo okha ndiwo anali oyenda bwino. Mayi anga, mlongo wawo, anayamba nthungululu misozi ili m'masaya. Anthu anayesa kuwomba m'manja, anaphonya, kenako anazindikira kuti aziyang'ana mwendo wa amalume, ndipo anaipeza. Koma palibe analowa m'bwalo. Anawasiyira lonse.

Nditamaliza, Fanuwelo anabwera modekha, dzanja lili kutsogolo.

"Wovina wako ndi mmodzi."

Apa ndiye ndinagwira ntchito imene ndinabadwira. Ndinati owomba m'manja ankagwedeza mapewa, ndipo phewa ndi chiwalo chovinira. Ndinati munthu amene sanavine chibwerere ku Joni sangawerengedwe mofanana ndi azakhali amene amavina ngakhale mtondo ukamalira. Ndinawerengera ndi galu yemwe. Achemwali anga enieni, a bere limodzi, ndi amene anandigwetsa. Anati pangano linali la miyendo, ndipo miyendo yondivinira ine inali iwiri, wina waufupi. Ndinavula chingwe m'khosi n'kupereka gitala.

Tisanabalalike amalume anakuwa ali pampando, akudzipepesa ndi chipewa, kuti akufuna ija ibwerezedwe. Fanuwelo, mwini gitala watsopano, anaikoleka monyadira. Anayamba bwino, koma zala zake zozolowera za pa wayilesi zinkangoiwongola nyimboyo, kuibwezera pa zinayi. Anayesa katatu konse.

"Iwe Fanuwelo, mwana wa a Fulaye, ukuimbira anthu a miyendo yofanana," anatero amalume. "Mpatse mnzakoyo."

Kuyambira tsiku limenelo gitala inkagona kwa Fanuwelo. Koma amalume sankaphonyanso ukwati kapena chinkhoswe, ndipo kulikonse ankaitanitsa nyimbo yawo. Choncho Fanuwelo ndiye ankainyamula pamsana, mitunda yonse ija, dzuwa lili pamutu. Nsambo ikaduka, wokanenerera waya kwa wokonza njinga anali iye, poti katundu ndi wake. Ine ndinkangofika manja ali m'thumba, kuimba, kumwa thobwa, n'kumubwezera kuti asunge bwino.

Masiku ano maukwati a kwathu amaimbidwa ndi masipika akuluakulu, ndipo nyimbo zake zonse zimayenda kanayikanayi ngati asilikali. Mwana wanga ali ndi gitala ya m'sitolo komanso foni imene imamuwerengera kagundidwe ka nyimbo. Nditamuimbira kanyimbo kaja pakamwa, anadinadina foniyo n'kundiuza kuti zoterezi zilipo, anthu amachita kukaziphunzira kusukulu. Ndinamuuza kuti ife sukulu yake inali njira ya kumunda wa thonje.

Ine ndi Fanuwelo tonse tili ndi imvi tsopano, koma tikakumana nkhani imeneyi siinathebe. Iye amati anapambana, poti bwalo linadzaza ndipo gitala anatenga. Ine ndimati ndinapeza wondinyamulira katundu waulere mpaka tinamaliza sukulu. Achemwali amati tonse awiri tinali antchito chabe a munthu mmodzi, amene anavina mpaka ukalamba wake osalipira kanthu. Inu mukuona kuti anapambana ndani?