Tenesi Yopanda Dzuwa

"M'mimba mwayamba liti? Dzulo nyama choma unkaikukuta ngati fisi, lero m'mimba?" anatero bambo anga ataima pakhomo la chipinda changa ku Buruburu. "Vala nsapato. Pampikisanowu akulembetsa ndi abwana anga. Ukangondichititsa manyazi, ukupita kwa amalume ako ku Kasungu kukalima fodya."

Ndinali nditangolemba mayeso a Folomu 4 n'kuwatsatira bambo ku Nairobi, kumene ankagwira ntchito kubungwe lina la mayiko. Kusukulu kwathu tenesi ndinkaitha. Panalibe wondigonjetsa chigawo chonse chapakati, kaya Africa yonse. Nzeru yanga inali imodzi: bwalo linali lapanja, ndiye ndinkangoumenya mpira m'mwamba cholunjika dzuwa, mnzangayo n'kuuphonya akutsinzina. Basi.

Tikufika, ndinapeza kuti mpikisanowo ndi wa m'nyumba. Chiholo chachikulu, pansi matabwa onyezimira, kumwamba denga ndi nyale zolendewera. Dzuwa ndinalifunafuna mpaka m'makona, kulibe.

Ndiye anandipatsa mzungu wamtali ngati bulugamu, munthu woti ntchito yake ndi tenesi basi, kuzungulira nayo mayiko. Mpira wake woyamba sindinauone. Ndinangomva mphepo pakhutu, kenako khoma likulira kumbuyo kwanga. Pamatabwapo mpira sudumpha ngati padothi, umangoterereka ngati njoka. Wachiwiri unandipala pabondo. Ndinayamba kupempherera mano anga, lililonse palokha. Ndikacheukira kumpando wakutsogolo, abwana aja akumwetulira, bambo ali duu, nkhope yonse yalemba Kasungu.

Mwangozi mpira wina unagunda raketi yanga n'kubwerera. Mzungu uja anathamangira paukonde, raketi m'mwamba, maso ngati akubwera kudzandikwirira. Mpira utabweranso kwa ine, dzanja langa linachita zimene linazolowera, linautumiza kudzuwa.

Phwaa! Nyale. Magalasi anagwa ngati matalala, mzungu anathawa atafunda raketi kumutu, woimbira anatsika pampando wake wautaliwo osaponda makwerero. Anaimitsa masewero kuti asese, ndipo mayi wina woyang'anira anandiuza kuti, "Kijana, basi, nenda nyumbani." Chiswahili sindinkachidziwa, koma kuti akundithamangitsa ndinamva bwinobwino.

M'galimoto bambo ankangoyang'ana msewu. Ndinkalakalaka atandikalipira, ngakhale khofi limene. Tikukhotera kunyumba ndi pamene anati, "Fodya amaokera mvula ikangoyamba."

Mawa lake ndinaponya kalata kwa mnzanga wa kusukulu amene kwawo ndi ku Kasungu komweko. Ndinamuuza kuti ndinakumana ndi katswiri wa dziko lonse, masewero anawaimitsa chifukwa mphamvu zanga zinkaononga nyumba, ndipo ndikubwerera poti a ku Kenya akundiopa.

Anayankha mwachidule: "Aise, amalume ako anafotokoza kale zonse kutchalitchi, mpaka abusa anatuluka misozi ndi kuseka. Usaiwale raketiyo, nkhuku zikuvuta kunazale."