Khomo Lopanda Lintelo ku Kanyama

Emelda Mbewe anaphunzira uphunzitsi wa Chingerezi, koma boma silinamuitane. Anadikira mpaka setifiketi inachita chikasu m'sutikesi. Anagulitsako zovala zakale za salaula, anaphunzitsako pa kasukulu ka mbusa wina komwe malipiro ankabwera ngati pemphero, ndipo zaka makumi atatu zinamupeza adakali m'nyumba imene bambo ake anasiya ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, akusamalira mayi ake amene miyendo inawakana kalekale. Amuna ofunsira ankabwera ndithu, koma akaona madzi a dzinja pabwalo ankakonda nsapato zawo kuposa mbeta.

Ntchito yooneka inabwera ndi Gudrun, mayi wa ku Jeremani wojambula mapulani a nyumba, amene anadzamanga holo ya mpingo wina mu Lusaka. Chingerezi chogulira tomato anali nacho, koma pamsonkhano wa mainjiniya lilime linkamangika. Iye ankafuna kuti Emelda amuphunzitse mawu akuluakulu a zomangamanga: dzina la chipilala chochirikiza khoma la tchalitchi cha kunja, dzina la denga lobulungira ngati chipanda chovundikira, dzina la khonde lolendewera popanda mzati pansi pake. Emelda anali asanazionepo zinthu zimenezi, koma wanjala sasankha ndiwo. Ankaloweza mawuwo m'minibasi, n'kukawatchula ku Kabulonga, kumene Gudrun ankakhala, ngati munthu wobadwira m'nyumba yosanja.

Kwawo nkhani inali ina. Pansi pa Kanyama pali thanthwe, ndiye madzi a mvula akasowa kolowera amalowa m'nyumba za anthu. Mankhwala ake onse amawadziwa: kuthira zibuma zophwanyika m'nyumba, kupaka simenti pamwamba, chaka chamawa kuthiranso. Kwa Emelda anakweza pansi mpaka khomo linafupika, munthu n'kumalowa chowerama ngati waona apongozi. Mlongo wake Rodgers, amene amadziwa ntchito iliyonse malinga ngati sanaiphunzire, anabwera ndi hamala. Anagumula mtanda wa konkire wa pamwamba pa chitseko, anadula nsimbi zake, anaika chitseko chachitali. Oyandikana nawo anabwera kudzayamikira. Emelda anamuphera nkhuku.

Tsiku lina m'Januwale, mvula ikukhuthuka, phunziro linafika pa mawu akuti lintelo. Lamulo la Emelda linali lakuti wophunzira afotokoze yekha mawu aliwonse m'Chingerezi. Gudrun anaimika mabuku awiri patebulo, anagoneka lula pamwamba pake, n'kusanjikapo kapu.

"Lintelo ndi mtanda uwu wa pamwamba pa khomo," anatero. "Umanyamula khoma lonse la pamwamba, ndi denga lomwe."

Emelda anafunsa ngati mphunzitsi woyesa mwana: "Nanga munthu atauchotsa?"

Gudrun anaseka. "Palibe angachite zimenezo." Anasolola lula, n'kuwakha kapu isanafike pansi. "Khoma limaima kanthawi. Njerwa zikamwa madzi, limagwa. Limagwera amene ali pakhomo."

M'mawa umenewo chitseko chinali chitakana kutsekeka, Emelda n'kuchikankha ndi phewa akuchitukwana. Pamwamba pake panali mng'alu umene ankaunena kuti ndi wa pulasitala. Ndipo masana aliwonse mayi ake ankakhala pampando pafupi ndi khomo lomwelo, kuonerera anthu odutsa. Emelda anachita mantha amene sanachitepo chibadwire. Chingerezi chonse chokongola chinamuthawa, anangopezeka wagwada pa kapeti akuomba m'manja, akuchonderera m'Chinyanja cha kwawo.

"BaGudrun, nipempha, tiyeni kunyumba manje manje. Bamayo bali pansi pa chinthu chamene icho."

Mzungu sanamve mawu, koma anamva mawondowo. Anatenga makiyi.

Galimoto anaisiya pamene tala anathera, n'kuyamba kuvuula madzi akuda onunkha zimbudzi. Emelda ankathamanga, kugwa, kudzuka. Atafika anapeza chitseko chili chotseguka theka monga anachisiyira, mayi ake ali m'kati pambali pake, atafunda chitenje. Emelda anati alowe, Gudrun anamugwira mkono mwamphamvu. Analoza pamwamba. Mng'alu unali utakula moti chala chikanalowa, ndipo chitseko chinali chitapindika. Khoma lonse linali litatsamira pa thabwa limenelo.

"Musachikhudze," anatero Gudrun. "Asadutsepo munthu. Ngakhale mmodzi."

Rodgers anatulukira ali ndi pepala la pulasitiki kumutu. "Sisi, mwaleta muzungu kuti anisebanye, anichititse manyazi? Iyi nyumba ni yokosa, siingagwe, nine ninagwilapo!"

Asanatseke pakamwa, mchenga unayamba kuyoyoka pamwamba pa khomo, pang'onopang'ono, n'kumagwera pa chitenje cha mayi awo. Rodgers anaona. Anathamanga kukabwereka sowo yodulira nsimbi. Anadula zitsulo za windo la kuseri, Emelda ali panja pa khomo kuchonderera mayi ake kuti asasunthe, asagwire chitseko, asaitane mphaka.

"Ine ninangena muno pakhomo, na batate banu," anatero mayiwo. "Lelo mufuna kunichotsela pa windo monga kawalala wakuba usiku?"

"Mayo, nipapata," anachonderera Emelda.

Rodgers analowera pawindo lija, anawanyamula, n'kuwapereka pomwepo miyendo patsogolo, iwo akulira ndi manyazi chifukwa anthu anali atadzaza kanjira konse. Emelda anazungulira kuseri, anawalandira kumsana, mnzake wina n'kumuthandiza kumanga chitenje.

Nyumba sinagwe tsiku limenelo. Inangoima, ili ndi mabulangete awo, mbaula ndi mankhwala a mayi m'kati. Gudrun anaizungulira kawiri, anagogoda makoma, n'kunena mosamala, m'Chingerezi choyera chimene Emelda anamuphunzitsa, kuti khoma lakutsogolo lonse liyenera kugwetsedwa, ndipo mpaka pamenepo pasagone munthu. Rodgers ankagona m'kontena ya bwana wake. Abale awo onse anali kutali, kumudzi ku Katete.

Mvula inali isanakate. Mayiwo anamuyandikizira Emelda pakamwa kukhutu.

"Emelda, manje tiyenda kuti?"

Emelda anawakweza bwino kumsana, n'kuyamba kuyenda cha kumsewu, chifukwa kuima m'madzimo kunali kukuzizira kwambiri.