Phazi la mkulu wa adzukulu

Atate anali mkulu wa adzukulu m'mudzi mwathu, kuseri kwa Mkaika. Munthu akamwalira, iwo ndiwo ankatsogola kumanda, kusonyeza pokumba, kuyeza ndi bango, ndi kutsikira m'dzenje kukakonza kachipinda kam'mbali kogonekamo maliro. Kumanda kwathu salowa ndi nsapato. Aliyense amavula pamphepete pa mitengo, ngakhale akhale bwana wochokera ku Lusaka.

Ine ndinasiya sukulu ndili giredi teni chifukwa cha phazi lawo. Sindibisa, ndinali wokwiya, ndipo mpaka lero ndikakumana ndi anzanga a kalasi imodzi atavala mataye ndimayang'ana kumbali. Amayi anamwalira kale, alongo anga ali ku mabanja awo, ndiye wotsala ndi njinga pakhomo ndinali ine.

Chilondacho chinayamba ndi chitsa cha thonje. Anachiponda m'munda osamva kanthu, anangoona magazi pa mphasa. Shuga anali atapha kale mitsempha ya kumapazi, ife osadziwa. Mudzi wonse unasanduka madokotala. Wina anati phulusa, wina mafuta a mabuleki, wina ufa wa m'kapisozi. Azakhali anati atate anaponda mankhwala, nabwera ndi munthu wotema mphini. Chilonda chinangokulirakulira pansi pa chala chachikulu, chakuda m'mphepete, chonunkha mwakuti alendo ankatsanzika asanakhale pansi.

Ku chipatala ku Katete dokotala sanazungulire. Anati kuwolako kukafika pa fupa, mwendo udulidwa pansi pa bondo. Kenako anatitumiza ku chipinda cha zilonda zosapola, kwa namwino wina wamfupi, wa mawu aakulu, wochokera kwa Abemba. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya: timanyozana poyera, wina osakwiya.

"Bweretsani phazilo, inu odya mbewa," anatero. "Mwalisunga chonchi kuti muzithamangitsira agalu?"

"Muligwire bwino, mwana wa odya anyani," anayankha atate. "Limeneli laika mafumu m'manda."

"Ndiye tsopano likufuna kuika mwini wake."

Kanali koyamba kumva atate akuseka chiyambire kudwala.

Ine sindiyamikira munthu wamba, koma mayi uja ankadziwa ntchito yake. Anawauza atate kuti atsinzine, natenga kaulusi kapulasitiki n'kumawagunda nako pansi pa phazi, apa ndi apo. Atate anangokhala chete kudikira kuti ayambe, pamene iye anali atamaliza kale. Anandiyang'ana n'kunena kuti phazi lotere likhoza kuponda khala lamoto mwini wake akucheza, choncho maso anga ndiwo azigwira ntchito ya ululu umene unatha.

Kenako anatenga kampeni n'kuyamba kusenga mnofu wakudawo. Ankasenga pang'onopang'ono, osathamanga, mpaka magazi ofiira anatuluka. Ndinaimirira kuti ndimuletse.

"Khala pansi, iwe. Mnofu wakufa suchira, umangodyetsa tizilombo. Magazi awa ndiwo ndimafuna."

Zonse zimene ankatiuza kumudzi iye anazitembenuza. Chilonda sachiyanika padzuwa. Amachitsuka ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, n'kuikapo kansalu konyowa, n'kumanga. Anatituma kukagula nsapato yaikulu ya chidendene chokhuthala mu sitolo ya Msilamu wina pamsewu, naikamo siponji imene anaiboola pamalo a chilonda kuti atate akaponda, thupi lizilemera kwina. Kumanga bandeji anandiphunzitsa ine, ndipo ankandimasulitsa n'kuyambanso mpaka atakhutira.

"Manja ako ali ndi mkwiyo," anandiuza tsiku lina. "Ukamange njinga choncho, osati mwendo wa munthu. Magazi adutsa pati?"

Lamulo lake lalikulu linali limodzi: phazi limenelo lisakhudze dothi, ngakhale popita kuchimbudzi. Zina zinali kumwa mapiritsi, kusiya shuga mu tiyi, ndi kubwera kudzasengedwa nthawi imene wanena. Ndinapalasa njinga chilimwe chonse, atate ali pa kaliyala, mwendo uli pa kathabwa kamene ndinamangirira. Chilonda chimene chinali ngati dzira la nkhuku chinatsala ngati mtedza. Pakati pake panamera mnofu wofiira, wowala.

Mvula itayamba, anamwalira mnzawo wa atate wa paubwana, amene anakumba naye manda moyo wonse. Awiriwa anapangana kale kuti wotsala adzaika mnzake ndi manja ake. Kutacha ndinapeza atate atakhala pakhonde, bango lili pa miyendo, akumasula nsapato ija.

"Mukupita kuti, atate?"

"Ukufunsa ngati mlendo."

"Kumanda kuli minga, kuli mizu, kuli mbale zosweka pa mitumbira. Ndiponso matope. Mulowa bwanji?"

"Monga ndimalowera. Ndimusiyire ana osadziwa kuongola khoma? Agone mopindika ngati wakuba?"

Ndinakalipa. Ndinawauza kuti sukulu yanga sinathere kuti iwo akataye mwendo m'dzenje la munthu wakufa kale. Mawu oipa, koma anali oona. Kulowa ndi nsapato sakanatha, chifukwa iwo eni ndiwo ankabweza anthu ovala nsapato pamphepete paja. Kulowa opanda nsapato kunali kupereka mwendo kwa dokotala.

Ndinaimbira namwino uja foni n'kukweza mawu a foniyo kuti atate amve okha.

"A mbuya, ndamva mukupita kukakumba," anatero. "Pitani ndithu. Koma mukumbe awiri, lalikulu la mnzanu ndi laling'ono la mwendo wanu. Ine ndibwera kudzavina pa maliro ake."

"Inu anyani simudziwa pangano."

"Pangano ndikulidziwa. Ndiuzeni, munapangana kuti mudzamuika ndi phazi kapena ndi manja?" Kenako namwinoyo anatsitsa mawu. "Mwambo wanu ukukana nsapato, ine ndikukana dothi. Vulani nsapato, mwana amange bandeji yatsopano, aphimbe ndi pulasitiki, akuberekeni. Mukakhale pa mpando mwendo uli m'mwamba. Mukangotuluka achotse pulasitikiyo kuti chilonda chisafunde."

"Wolowa kumanda atanyamulidwa ndi wakufa yekha," anatero atate.

"Ndiye mukhala woyamba kutulukako. Sankhani, a mbuya, ine odwala akundidikira."

Anadula foni. Atate anayang'ana phazi lawo, kenako anati ndibweretse madzi amchere.

Pamphepete pa mitengo adzukulu anali atasonkhana ndi makasu. Atationa, ine nditawerama, atate akukwera pamsana panga, onse anatiyandikira. Nkhalamba ina inati zimenezi n'kudziitanira imfa. Ina inati mwambo sunatchulepo za msana wa mwana. Anakangana kanthawi, mpaka wina anati, "Muloleni, tiyeseretu kulemera kwake." Anthu anaseka chapansipansi, ndipo tinalowa.

Atate ndi aatali, ndipo ankandipumira m'khutu. Minga inandilasa ine. Ndinawakhazika pa kampando pafupi ndi pokumba, mwendo nditausanjika pa chipika. Anayeza ndi bango ali chikhalire, nayamba kulamula. Apa wongolani. Uko mwapitirira. Dzenje litafika m'chiuno ndinaona manja awo akugwira m'mbali mwa mpando kuti adzuke, ndipo ndinaima patsogolo pawo. Anakhalanso. Kachipinda kam'mbali anakakumba mphwake wa nkhalamba yonena za imfa ija, atate akumuuza chilichonse kuchokera pamwamba. Maliro atatsitsidwa, ndinawasendeza ndi mpando womwe mpaka pamlomo pa dzenje. Anatapa dothi ndi dzanja n'kuponya oyamba.

Titafika kunyumba ndinamasula bandeji. Inali youma, yoyera.

Chilondacho chinatseka nthawi yokolola mtedza. Namwino anadina pachipsera ndi chala, nayang'ana pakati pa zala chimodzichimodzi, n'kunena kuti khungu latsopano ndi lofewa, likhoza kung'ambikanso, choncho nsapato ndi ya moyo wonse ndipo ndiziwayang'ana kumapazi tsiku lililonse.

"Chokani, odya mbewa, mwanditopetsa. Ndisakuoneninso kuno."

Ine kusukulu sindinabwerere. Atate akuyenda ndi miyendo yonse iwiri, amalima thonje atavala nsapato, anthu akuwaseka. M'dzenje sanatsikenso. Kukagwa maliro amaima pamphepete pa mitengo, ndipo adzukulu amatuluka kudzawafunsa pokumba.