Matabwa a Agogo Juwawo

Ndikukumbukira tsiku limene maliro a agogo anga aamuna, a Juwawo, anakachitikira pachipata cha asilikali. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, msinkhu umene munthu amakhala wamkulu ponyamula katundu koma mwana pogawa nyama.

Agogowo anabwera ku Mulanje kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Panjira anakwirira abale awo awiri m'mphasa, wachitatu m'masamba a nthochi. N'chifukwa chake atangomanga ku Likhubula anadzala mtengo wa malaina kuseri kwa nyumba, n'kulengeza kuti limenelo ndi bokosi lawo. Atayamba kudwala anaudulitsa, n'kuutumiza kwa wocheka matabwa wa kumtunda. Ine anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Iwe, usadzalole kuti andikulunge ngati fodya." Ndinalonjeza.

Anatisiya Lachiwiri m'mamawa. Ine ndi atsibweni tinatenga njinga kukanyamula matabwa aja. Masiku amenewo matipate anali atabwera kale, koma kunalinso asilikali olondera mkungudza wa m'phiri. Anaimika migolo iwiri pamsewu n'kupingasa mtengo. Akuba enieni a mkungudza ankayenda pa lole, choncho asilikaliwo ankagwira oyenda pansi, poti ndiwo osavuta kuthamangitsa. Pambali pa tenti yawo panali mulu wa nkhuni ndi zikwanje zolanda kwa amayi.

Wamkulu wawo, sajeni wa masharubu, ananunkhiza thabwa limodzi n'kugamula kuti ndi mkungudza. Mkungudza umanunkhira mpaka kutsidya kwa mtsinje. Malaina sanunkha kanthu, ngakhale mbuzi imadziwa. Atsibweni atayesa kufotokoza zimenezi analandira khofi, kenaka anawadumphitsa chachule kuzungulira migolo mpaka thalauza linang'ambika. Matabwa anaponyedwa pamulu paja.

Kunyumba akuluakulu anayamba kunong'onezana za mphasa yatsopano. Ine ndinatuluka osatsanzika, ulendo kwa Abusa a Nakoma.

Abusawo anali munthu wamfupi, wa jekete imodzi, wotchuka ndi maulaliki osadziwa kutha. Nawonso anachokera kutsidya kwa malire nthawi ya nkhondo. Ndinawapeza akuthyola nandolo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anasamba m'manja, anavala kolala yawo, n'kunena modekha ngati akufunsa mchere:

"Ngati bokosi silingabwere kumaliro, maliro apita kubokosi."

Dzuwa lili paliwombo tinanyamuka. Agogo anagonekedwa pachithatha, atafunditsidwa nsalu yoyera. Amayi a mpingo anali pambuyo akuimba, fumbi lofiira likumata m'miyendo. Kalipentala ananyamula sowo ndi misomali. Ine Abusa anandipatsa ntchito yoyala masamba pamsewu, monga timachitira posonyeza kuti pali zovuta. Ndinayala mbali zonse ziwiri za chipata chija, ndipo ndinayala mowongoka bwino. Pa ntchito zonse zimene ndagwirapo, kuphatikizapo chaka ndi theka chimene ndinakhala ku koleji tisanasiyane mwamtendere, imeneyo ndiyo ndinaimaliza.

Munthu sadutsa pamaliro ali pa njinga. Aliyense wobwera ankatsika, kuvula chipewa, n'kukhala pansi. Posakhalitsa msewu unadzaza: otchola tiyi, onyamula katundu wa alendo m'phiri, ngakhale wogulitsa zitumbuwa.

"Abusa, chotsani zimenezi pano!" anakuwa sajeni uja.

"Mwana wanga, amene wasunga bokosi ndiye mwini maliro. Tabwera kudzakupepesani."

"Mukudziwa kuti ndikhoza kuwombera?"

"Ndikudziwa. Mfuti ndinaithawa kale kamodzi, pano maondo anakana. Mukawombera muwonjezere matabwa, poti mabokosi akhala awiri. Langa lisakhale lalitali."

Palibe anaseka. Ndinkangomva ntchentche imodzi ikulira pamwamba pa nsalu ya agogo. Abusa anatembenuka, kupereka msana kumfutiyo, n'kutsegula Baibulo. Anayambira ku Genesis. Ife amene tinkawadziwa tinakonza pokhala.

Msilikali wina wamng'ono, wa ziphuphu kumaso, ndiye anayamba kuvula chipewa. Mnzake anatsatira. Kumtunda kunaima malole awiri, madalaivala osayerekeza kuliza hutala. Abusa anali asanatuluke ku Iguputo pamene sajeni anapukuta thukuta n'kundilozera ndi chibwano.

"Iwe, matabwa anuwo ndi ati?"

Ndinawasolola ndekha pamulu paja, onse asanu ndi limodzi, zibanthu zikundilasa m'manja. Abusa anaimitsa ulaliki n'kuwonjezera kuti pamaliro pamafunikanso nkhuni, ndipo nkhuni sizidzidula zokha. Amayi anadzuka mmodzimmodzi, aliyense kukatola mtolo wake ndi chikwanje chake. Sajeni anayang'ana phiri mwachidwi chachikulu, ngati waliona koyamba.

Bokosi linakhomedwera pomwepo, pamthunzi wa tenti. Msilikali wa ziphuphu uja ndiye ankagwirizira thabwa kalipentala akamacheka. Pamene ankatseka chivundikiro ndinasuzumira komaliza. Agogo anakwanamo bwinobwino, mpata wotambasula miyendo n'kutsalako. Apo m'pamene ndinalira, poti ntchito inali itatha.

Masiku ano mabokosi amagulitsidwa m'mphepete mwa msewu, opaka vanishi, ena okhala ndi galasi. Mkungudza m'phirimo unatha, olondera ake anapita. Abusanso anachuluka, mwina kuposa mitengo. Ambiri ndi aatali, a masuti osinthasintha, ndipo ena amayenda ndi anyamata owalondera kuti osauka asawakhudze. Sindikuwaweruza, ine ndine yani. Kungoti ndikawaona akutsika m'galimoto ndimadzifunsa kuti, mwana wa zaka khumi ndi chimodzi atathamanga lero ndi nkhani ya matabwa asanu ndi limodzi, angalowere khomo liti?