Nyimbo zimene Lyson anafufuta ku Kanyenda

Loweruka lapitali ndinaitanidwa ku Kanyenda kukakhala mboni pa mlandu wa nyimbo.

Mnzanga wa kusukulu, amene pano ndimutcha Lyson, anataya mkazi wake miyezi ingapo yapitayo. Kwawo ndi kuno ku Boma, ntchito yake ndi yokonza mainjini a maboti, koma ankakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo. Tsiku lomusudzula kuti abwerere kwawo linali litakwana. Ali ndi mwana mmodzi, Tamanda, wa sitandade 3. Poyamba akuchikazi anavomera kuti mwanayo apite ndi bambo ake ku Boma, kumene sukulu ili pafupi. Kenaka anasintha maganizo.

Chinawasinthitsa n'chiyani? Chichitikire maliro, Lyson amati akaweruka, amakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, foni ili pambali, ikutulutsa phokoso limene anthu a m'mudzimo sanalimvepo. Ena ankati akuyankhula ndi mizimu. Ena ankati anakhwimira mkazi wake kuti ntchito iziyenda, ndipo phokosolo ndi la anzake a satana amene akumuitana.

Nyimbozo ndinamupatsa ndine. N'chifukwa chake anandiitana.

Ndifotokoze kaye kwa inu amene simunazimvepo. Ndi nyimbo zopangidwa ndi makina ndi kompyuta, ndipo ozipanga ake ndi anthu akunja amene ngakhale nkhope zawo sindizidziwa. Mulibe woimba, mulibe gitala. Chimbale chimodzi chimatha pafupifupi ola. Chimayamba ndi kulira kwa pansipansi, ngati injini ya boti ili kutali mwera ukuwomba. Kenaka pamabwera kukhulana kwa zitsulo, ngati chigayo magetsi akamafooka. Ng'oma imafika mochedwa, n'kugunda ngati mtima wa munthu wotopa, n'kusowanso musanaizolowere. Simungavine. Simungaimbire limodzi. Simungasankhepo nyimbo imodzi n'kusiya zinazo, chifukwa imodzi payokha ndi phokoso chabe. Pamafunika kuyambira poyamba n'kupirira mpaka pothera.

Tinakhala pabwalo, amuna pamipando, amayi pamphasa. Woyendetsa nkhani anali a Phiri, atsibweni ake a Tamanda, eni mbumba. Si munthu wankhanza. Ndi mlimi wa mpunga amene waika mlongo wake m'manda ndipo akuopera mwana wotsalayo.

"Bambo, ndinu munabweretsa zinthuzi?" anandifunsa.

"Ndine."

"Tiyatsireni timve tonse, kukali kowala."

Ndinayatsa pa foni ya Lyson. Anthu anatchera khutu. Patapita kanthawi a Phiri anaweramira kwa ine.

"Kodi ayamba liti kuimba?"

"Saimba, bambo."

"Nanga akubuulayo ndani?"

"Ndi makina."

Mayi wina pamphasa anati, "Makina akabuula chonchi, alamu athuwa amawamasula n'kuwakonza. Awa akuwasungiranji?"

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kothera m'mphuno. A Phiri sanaseke. Anatembenukira kwa Lyson.

"Alamu, nyimbo za Mulungu zilipo zambirimbiri. Akwaya anabwera pano, anaimba mpaka kusasa mawu. Inu mwasankha izi. Zimakuuzani chiyani?"

Lyson anayang'ana pansi. "Sizindiuza kanthu, alamu. N'chifukwa chake ndimazimvera."

Ndikuganiza kuti pabwalo ponse ndine ndekha amene ndinamumvetsa.

Mayi anga anamwalira ndisanayambe kuwerenga bwino, bambo anali atatsogola kale. Anandilera ndi agogo, ogulitsa nsomba zowamba pamsika, munthu wa mawu ochepa amene ankabwera kunyumba atatopa. Pamaliro a mayi, aliyense amene anandigwira pamutu ananena zofanana: usalire, ndiwe mwamuna, uwaliritsa agogo. Ndinamvera. Ndinaphunzira kukhala pakona n'kumangoyang'ana. Pafupi ndi msika panali chigayo, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkakakhala kuseri kwake, nditatsamira khoma limene linkanjenjemera. Anthu ankati ndine mwana wogona. Koma phokoso lija linali lolemera mofanana ndi chimene chinali m'chifuwa mwanga, ndipo silinkandifunsa kalikonse. Nditakula, mnzanga wina atanditumizira chimbale choyamba cha mtundu umenewu, sindinadabwe nacho. Ndinangochizindikira.

Tamverani bwino nyimbo zathu. Pafupifupi zonse zimalamula. Vina. Lapa. Limba mtima. Pukuta misozi, wapita kukapuma. Sindikuzinyoza, ndakulira momwemo, ndipo kwaya yabwino imanyamula mudzi wonse pa tsiku loika maliro. Kwa anansi anga achisilamu amaika msanga, n'kupemphera, n'kukumbutsana za kupirira. Zonsezi n'zabwino. Koma zonsezi zili ndi tsiku lothera. Tikameta, timasesa pabwalo, timabweza mipando ya kutchalitchi, aliyense n'kubwerera ku munda wake. Kodi chisoni nachonso chimametedwa tsiku lomwelo?

Wotsalayo amadzuka m'mawa n'kupeza chitenje chikadali pachingwe. Akayatsa wayilesi, wina akumuuza kuti avine. Akapita kutchalitchi, wina akumuuza kuti asangalale. Akakumana ndi mnzake panjira, akumuuza kuti wayamba kuoneka bwino. Aliyense akumukokera kunja kwa mdima, mwachikondi ndithu, koma mofulumira. Nyimbo zakudazi sizimukoka. Zimalowa mumdimamo n'kukhala naye pansi. Zimavomereza kuti zinthu zaipa, ndipo sizithamangira kunena kuti zikhala bwino. Ndipo popeza chimbalecho chili ndi pothera, munthu amadziwa kuti akalowa atulukanso. Chikatha pamakhala bata, n'kumvanso nkhuku ndi ana akusewera. Ukoma wake ndi umenewo, ngati tingautche ukoma.

Vuto lathu n'lakuti munthu akalira mosiyana ndi mmene tinazolowera, timathamangira kumufunira dzina. Wapenga. Wakhwima. Walowa za satana. Lyson akanakhala kuti amakathera tsiku kumowa, ambiri akanati ndi chisoni, musiyeni. Koma poti amakhala pansi pa mtengo ali bwinobwino, akumvera chinthu chachilendo, tinamuyesa mfiti.

Komabe a Phiri sindingawaweruze. Mantha awo ali ndi pogwira. Mwamuna wongokhala yekha tsiku ndi tsiku, osayankhula ndi munthu, ndi woyenera kumudera nkhawa, ndipo tonse tikudziwa mabanja amene anazindikira mochedwa, m'bale wawo atadzipha kale. Nyimbo si mankhwala. Ndinayesa kunena zonsezi pabwalo paja, koma ine sinditha kuyankhula pagulu, ndipo ndinaona kuti mawu anga akugwera pansi.

A Phiri anakambirana ndi abale awo chapambali, kenaka anabwerera pampando.

"Alamu, za ufiti tazisiya, palibe amene waona kanthu. Koma mwana wa mlongo wanga sangakulire m'nyumba yolira zimenezi. Sankhani. Mukafuna zinthu zanuzi, Tamanda atsala kuno. Mukafuna mwana, zichoke ife tikuona."

Lyson sanayang'ane kwa ine. Anatenga foni, n'kuyamba kufufuta chimbale chimodzichimodzi, akuonetsa a Phiri kuti aone okha. Atamaliza anaika foniyo pamphasa.

"Zatha, alamu."

"Zikomo. Mwana mutenge."

Anachita bwino. Bambo aliyense akanachita chomwecho, ndipo ine amene ndikudziwa kukula wopanda bambo sindikanamulangiza zina. Tinakwera minibasi imodzi kubwerera ku Boma, Tamanda atakhala pakati pathu, chikwama cha mabuku chili pamiyendo. Dalaivala anatsegula nyimbo yovina mokweza. Lyson anangoyang'ana pawindo njira yonse.

Tsono ife amene tinali pabwalo paja tinapambana. Mwana ali ndi bambo ake, ndipo m'nyumbamo simudzamvekanso zobuula. Koma tamulanda munthu chinthu chokhacho chimene chinkatha kukhala naye ola lathunthu osamuuza kuti alimbe mtima. Mwa ife tonse, abale, akwaya, anzake, ndani apite akagwire ntchito imeneyo?